Mafilimu Akale a Zamagetsi Asatiwolere M'zitini

M'masiku a atsamunda, pamene bungwe la Central African Film Unit, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1948, linkajambula makanema ophunzitsa ulimi ndi ukhondo oti azionetsedwa m'midzi dzuwa likalowa, aphunzitsi a kutsidya kwa nyanja nawo ankajambula pa filimu ya mamilimita 16 chiyambi cha nzeru ya magetsi: kuti maginito akamazungulira pafupi ndi waya wa kopa wokulungidwa, mphamvu imayamba kuyenda m'wayamo. Chimenechi ndicho adatulukira Michael Faraday mu 1831, ndipo ndicho chikuchitika pa malo opangira magetsi a Nkula, pa mtsinje wa Shire, kuyambira 1966.

Koma chuma cha mafilimu chimenechi chili ndi njenjete zake. Filimu ikasungidwa pofunda ndi pachinyezi imayamba kununkha ngati viniga, imakwinyika, imakhakhala, kufikira tsiku lomwe imathyoka m'manja mwa woigwira. Mmisiri woipulumutsa amaitambasula modekha atavala magolovesi, nachotsa fumbi ndi nkhungu, nalumikiza pamene padaduka, kenaka makina amajambula chithunzi chimodzichimodzi, zithunzi 24 pa sekondi iliyonse ya kanema, kuti zonse zilowe m'kompyuta. Filimu yeniyeniyo imaikidwa pozizira ndi pouma.

Wina angafunse kuti mwana wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi apindulanji ndi zakalezi. Ayankhe ndi William Kamkwamba, wobadwira ku Dowa mu 1987, yemwe atalekera sukulu panjira chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, adatsata zithunzi za m'mabuku a ku laibulale ya ku Wimbe, pakuti Chingerezi chinkamuvuta, namanga makina oyendera mphepo okhala ndi dayinamo ya njinga, mpaka babu lidayaka m'nyumba ya atate ake. Ngati zithunzi zosayenda zidabala chipatso chotere, nanga kanema woonetsa maginito akuzungulira adzachita zotani kwa ana a ku Kongwe, ku Mvera ndi ku Malomo?

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo malamulo a magetsi sakalamba. Chotero tikupempha osunga mbiri ya dziko ku Zomba, pamodzi ndi akuluakulu a zamaphunziro, kuti afunefune mafilimu otere, awapulumutse, awamasulire m'Chichewa, ndi kuwafikitsa m'sukulu za m'mapirimu.