Nyama yovekedwa nyenyeswa za buledi: luso la ku Japan pa chiwaya cha ku Mwanza

Pa chipata cha Mwanza, pomwe mathiraki a pamsewu wa Blantyre ndi Tete amandandalika kudikira mapepala asanalowe ku Zobue, pafupifupi aliyense wa chiwaya amagulitsa zofanana: tchipisi, kanyenya ndi mazira. Malonda akafanana chotere, kasitomala amangotsata wotsika mtengo, phindu n'kumachepa. Kuti dalaivala adutse ziwaya zinazo n'kudzaima pa chanu, pafunika chinthu chomwe anzanu alibe.

Ku Japan kuli chakudya chotchedwa gyukatsu. Ndi nyama ya ng'ombe yomwe amaigubuduza mu fulawa, kuiviika m'dzira lomenya, kenako kuiveka nyenyeswa za buledi asanaikazinge m'mafuta ambiri. M'malesitilanti a ku Tokyo ndi Kyoto anthu amaima pamzere kuidikira. Imabwera yodulidwadulidwa, pambali pali mpunga ndi kabichi wowaza mopyapyala.

Kwa wamalonda, phindu lili pa chovalacho. Nyama yokazinga pachiwaya imataya madzi n'kunyala, koma ya nyenyeswa imasunga madzi ake, imafewa mkati ndipo imaoneka yaikulu m'mbale. Kilogalamu imodzi yopanda mafupa mukaidula magalamu 100 chidutswa chilichonse, mwapeza mbale 10. Dulani mopingasa mitsempha, ndipo muisasanthe ndi botolo kuti ipyapyale ngati chikhatho. Thirani mchere musanaiveke.

Nyenyeswa n'zosafuna kugula m'sitolo zikuluzikulu. Kambiranani ndi a magolosale kuti azikugulitsani motsika buledi wagona. Muumitseni padzuwa, musinje mumtondo, musunge m'chigubu chotseka bwino. Buledi wa nkhungu ayi, ameneyo ngotaya.

Pali chimodzi chosayenera kutengera. A ku Japan amakazinga nyamayi pafupifupi mphindi imodzi yokha, mkati n'kukhala mofiira, ndipo wodyayo amamalizitsa yekha kuwotcha pa kamwala kotentha komwe amamuikira patebulo. Kuno nyama imakhala pabutchala tsiku lonse kunja kukutentha, ndipo ya ng'ombe yosapsa imatha kupatsa munthu njoka za m'mimba. Yanu ipse mpaka mkati. Gulani yokhayo yomwe alangizi a ziweto aiyeza n'kuidinda. Dalaivala mmodzi akatsekula m'mimba ali pa ulendo wa ku Harare, mbiri yanu ifika kwa anzake onse iye asanabwerere.

Samalaninso mafuta, poti ndiwo amadya mpamba. Yesani kutentha kwake poponyamo kanyenyeswa kamodzi: kakayandama msanga kakuchita thovu, mafuta afika. Akakhala ozizira, nyama imamwa mafuta ambiri. Akatenthetsa, kunja kumapserera mkati musanapse. Nyenyeswa zogwera pansi zimadetsa mafuta msanga, choncho zivuuleni ndi sefa pafupipafupi. Ngati n'kotheka khalani ndi kapoto kapadera, kuti tchipisi chanu chisade. Musakazingiretu zambiri, chifukwa ikazizira chovala chija chimalobodoka. Ivekeni kasitomala akaitanitsa, kununkhira kwake kukuitanireni ena.

Pa mtengo, musangoyang'ana wa kanyenya. Werengerani nyama, mazira, fulawa, buledi, mafuta, nkhuni ndi chiphaso cha msika, mugawe ndi chiwerengero cha mbale, kenako muikepo phindu lanu. Gulitsani ngati mbale yathunthu: nyama, tchipisi, kabichi ndi tsabola wa kambuzi. Onjezani kachidutswa ka ndimu kofinyira pamwamba, ndipo nyengo ya manachesi ikafika, poti Mwanza ndiye kwawo, ikani limodzi pambali.

Yambani ndi theka la kilogalamu, mbale 5 zokha, pa tsiku lomwe mzere wa mathiraki watalika. Zikatha dzuwa lisanapendeke, mawa lake onjezani. Zikatsala, funsani omwe adyawo chomwe chawasowa musanaikenso ndalama ina.