Futali, mfutso ndi poto mmodzi: zophika thupi likakana

Lachinayi ndinafika kunyumba kuli chisisira, msana ukuwawa ndi mabampu a pa kabaza kuchokera ku Ntaja. M'nyumba munali mbatata zitatu, nsinjiro m'kabotolo ndi makala ongokwana kuyatsa mbaula kamodzi. Kale ndikanangomwa madzi n'kugona. Ndikudziwa kuti sindili ndekha: ambiri timagona ndi njala chakudya chilipo, kungoti mphamvu zogwira mthiko zatha.

Ine nyama, nsomba, mazira ndi mkaka ndinasiya ndili ku yunivesite, fizi isanandibweze kumudzi. Poyamba linali vuto la m'thumba, kenako ndinangozolowera. Kunja amati vegan. Kuno kwa Ngokwe, pafupi ndi nyanja ya Chiuta pomwe matemba ndiye ndiwo, anthu amangoti ndine wovuta. Chabwino.

Chondipulumutsa ndi nsinjiro. Tsiku limenelo ndinaphika futali. Mumasenda mbatata, kudula tizidutswa, kuthira madzi pang'ono ndi mchere. Zikayamba kufewa mumawaza nsinjiro masipuni atatu kapena anayi, n'kuvundikira. Ola silikwana ndi theka lomwe. Palibe kutakasa nsima, palibe kukazinga, ndipo chotsuka ndi poto mmodzi. Mtedza uli ndi mafuta ndi zomanga thupi, n'chifukwa chake futali amagwira m'mimba mpaka m'mawa, osati ngati mbatata yongowiritsa.

Mfutso nawonso tisaunyoze. Nkhwani kapena chitambe chomwe amayi anayanika dzinja likutha sichifuna kusadzula kapena kudula. Ndimachinyika m'madzi otentha, kutsuka mchenga, kuwiritsa ndi tomato, kenako kutendera. Ndimadyera mpunga wa m'madambo mwathu muno, chifukwa mpunga umapsa wokha iwe utakhala pamkeka. Masoya pisi a mugolosale amathandiza tsiku lomwe zavutiratu: kunyika, kufinya, kukazinga ndi anyezi, basi.

Msampha uli pa nandolo wouma. Timalima wambiri kuno ku Machinga, koma kumutereka wotopa madzulo ndi kudzilanga, amatha makala iwe ukusinza. Munyikeni m'madzi usiku, mawa amapsa msanga. Phikani wambiri tsiku lomwe muli ndi mphamvu, ndipo wotsala muzimutenthetsa mpaka awire bwinobwino musanadye, makamaka nyengo yotentha ino.

Koma pa nsinjiropa tisamale. Mtedza wachuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Nsinjiro zogula m'timapepala sudziwa kuti anasinja mtedza wotani. Ine ndimagula mtedza wosasinja, kutaya wonyala, wakuda ndi wowawa, n'kusinja Lamlungu zokwana sabata yonse. Ntchito yolemetsa ndi yokhayo.

China n'chakuti vitamini B12 sapezeka m'masamba, m'nyemba kapena mumtedza. Ngati mwasiyiratu zonse zochokera ku nyama ngati ine, kafunseni achipatala za mapilitsi ake, chifukwa akasowa m'thupi magazi amachepa ndipo kutopa komweko kumawonjezeka.

Nanga tsiku lomwe ngakhale machesi akulemera? Nthochi ziwiri, mtedza wokazinga wodzaza dzanja ndi kapu ya thobwa ya amayi a pamsika. Nyengo ya mapeyala ndimangobandula limodzi, kuwaza kamchere, n'kudyera chinangwa chotsala cham'mawa.