Wopalasa njinga akathyoka phazi: kusunga mphamvu podikira kuchira

M'madera a Angónia ndi Tsangano, njinga ndi imene imadyetsa mabanja ambiri: imanyamula anthu, mbatatesi ndi makala kupita kumisika. N'chifukwa chake wopalasa akathyoka phazi amafulumira kubwerera pamsewu fupa lisanagwirane, ndipo kuteroko kumangotalikitsa matenda.

Phazi lili ndi mafupa 26. Limodzi mwa mafupa amene amathyoka kawirikawiri ndi lalitali la m'mphepete, lolunjika ku chala chaching'ono. Nthawi zambiri limagwirana pakapita masabata 6 mpaka 8, koma likathyokera pamalo pamene magazi amafika ochepa, limatenga nthawi yoposa pamenepo. Wachipatala yekha, ataona chithunzi cha ekisire, ndi amene anganene tsiku loyamba kuliponda.

Podikira, minofu ya mwendo umene uli m'chikhakha imayamba kuphwa m'masabata awiri oyambirira. Achipatala akavomereza, wodwala angachepetse vutoli osaponda pansi. Atagona chagada, aumitse ntchafu, akweze mwendo wowongoka pang'ono, awerenge mpaka 5, autsitse; abwereze maulendo 10 kumwendo uliwonse, m'mawa ndi madzulo. Atagona chammbali angachitenso chimodzimodzi kuti alimbitse chiuno. Atakhala pampando, anganyamule mabotolo a madzi m'manja mobwerezabwereza mpaka kupuma kutakwera, kuti mtima usazolowere ulesi. Popumula, phazi likhale pamtsamiro, pamwamba kuposa chifuwa, kuti kutupa kutsike.

Chakudya chimathandizanso. Usipa ndi kapenta zodyera pamodzi ndi minga yake, mkaka, mazira, nyemba ndi ndiwo zamasamba zimapatsa thupi zomangira fupa ndi minofu. Fodya amachedwetsa fupa kugwirana.

Chikhakha chikachoka ndipo wachipatala walola kuponda, ndi bwino kuyambira pakhomo. Njinga iimikidwe molimba, gudumu lakumbuyo lili m'malere, ndipo wodwala apalase mopepuka mphindi 10, akuponda ndi chidendene kapena pakati pa phazi. Ngati tsiku lotsatira phazi silinatupe kapena kupweteka kwambiri, angawonjezere mphindi pang'ono. Kenako ayese njira yosalala, yopanda zitunda, alibe katundu. Ngozi yaikulu si kupalasa ayi, koma kuima mwadzidzidzi, pamene thupi lonse ndi thumba la makilogalamu 50 zitsamira pa phazi lovulalalo. Katundu ndi okwera abwere pomalizira.

Pali zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo: zala zakuphazi kuzizira, kuchita dzanzi kapena kusintha mtundu, ululu wokulirakulira m'chikhakha, katumba kutupa ndi kuwawa, kapena kubanika mwadzidzidzi. Ziwiri zomalizirazi zingatanthauze kuti magazi aundana mumtsempha, zomwe zingathe kupha.

Fupa likathyokanso pamalo omwewo, masabata odikira amayambiranso pachiyambi, ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni.