Batire ndi nkhokwe, si munda: werengerani musanagule

Magetsi akathima, woyamba kulira ndi wamalonda. Mafirizesi amasungunuka, makina ometera amaima, wotchajitsa mafoni amabweza makasitomala. N'chifukwa chake ambiri akuthamangira kugula sola ndi batire. Koma musanatulutse mpamba wanu, taonani momwe makampani akuluakulu amawerengera.

Ku Golomoti m'boma la Dedza, kampani ya JCM Power inatsegula mu 2022 malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20. Pomwepo inaika mabatire a lithium omwe akadzadza amatulutsa mamegawati 5 kwa maola awiri okha. Ntchito yawo ndi kusunga magetsi masana, kuchirikiza mphamvu mtambo ukaphimba dzuwa, komanso kuthandiza madzulo nyumba zonse zikayatsa magetsi.

Mabatirewo sapanga magetsi. Chaka chomwecho namondwe wa Ana ataononga malo a Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, dzenje lomwe mabatire oterewa sakanalikwirira. Nkhokwe imangotulutsa zomwe munda wabereka.

Paokala panu lamulo ndi lomweli. Batire lolembedwa 12V 100Ah limasunga mphamvu yoyendetsa chipangizo cha mawati 100 kwa maola 12. Koma likakhala la asidi, mugwiritse ntchito theka lokha, kutanthauza maola 6, apo ayi lifa msanga. La lithium mutha kulikama mpaka magawo 80 pa 100 alionse, ndipo limapirira kutchajidwa maulendo masauzande, pomwe la asidi limatopa pa mazana angapo. Choncho lotsika mtengo lero likhoza kukugulitsani kawiri.

Pokagula, onani mawati olembedwa kumbuyo kwa chipangizo chilichonse, muchulukitse ndi maola omwe chimagwira ntchito. Sola ikhale yoti idzadzitse batire tsiku limodzi; dzuwa lamphamvu kuno limakhala la maola pafupifupi 5 patsiku. Ngati muli ndi firiji, inveta ikhale yokulirapo, chifukwa firiji imakoka mphamvu zambiri poyamba kulira. Batire la galimoto lisiyeni, analipangira kulizira injini basi.

Pomaliza, funsani chaka chomwe batirelo linapangidwa, ndipo musachoke m'sitolo opanda lisiti ndi kalata ya galanti. Wogulitsa akakana kulemba, ndalama zanu zibwerere m'thumba.