Ukwati wa makolo anu ukuola m'kabati

Mukapita kumudzi ku Rumphi, kaya ndi ku Bolero, Mhuju kapena Mlowe, tsegulani kabati ya agogo kapena sutikesi ya pansi pa bedi. Mwina mupezamo matepi akuda a vidiyo olembedwa ndi bolopeni: ukwati, chinkhoswe, kwaya ya mpingo, mwambo wa Gonapamuhanya. Mmenemo muli mawu ndi nkhope za anthu amene ena a iwo anatisiya kale, ndipo nthawi zambiri tepiyo ndi imodzi yokha basi.

Vuto ndi loti makina oonera matepiwa akutha. VHS anaitulutsa ndi a JVC ku Japan mu 1976, ndipo kampani yomaliza kupanga madeki ake, Funai, inasiya mu 2016. Choncho deki iliyonse imene mukuitaya lero kuti ndi chikale, ilibenso m'malo mwake.

Ine ndimakonda kucheza ndi amisiri okonza mawailesi, ndipo bambo wina wachikulire wa pa boma la Rumphi anandionetsa kuti madeki ambiri amene timati afa amangodwala pang'ono. Kawirikawiri ndi lamba: mphira ukakalamba umatamuka kapena kusungunuka ngati phula, mota n'kumangozungulira yokha. Kwina ndi kagudumu ka mphira kokoka tepi kamene kauma, ndiye deki imatafuna tepi. Chithunzi chikamachita mchenga, ndiye kuti timitu towerenga tepi tada. Amanyowetsa kapepala koyera ndi spiriti wotsukira zamagetsi, n'kukagunditsa pang'ono pa ng'oma yonyezimira ija uku akuizunguza ndi chala. Sapukuta chokweza ndi chotsitsa, komanso thonje ayi, chifukwa limakola timituto n'kutithyola.

Musathamangire kuika tepi mu deki. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: yang'anani kaye pa kawindo kake. Mukaona zoyera ngati ufa, chimenecho ndi chuku, chobwera ndi chinyezi, ndipo chimadetsa deki n'kufalikira ku matepi ena. Tepi ikaduka, osalumikiza ndi selotepi wamba. Ulimbo wake umatuluka n'kumata zonse.

Mabanja ena ochepa, makamaka a ku mishoni ndi amene agogo awo anagwirapo ntchito ku Joni kapena ku Harare, angakhale ndi zakale kuposa apa: timafilimu ta 8mm kapena Super 8, imene Kodak anaiyamba mu 1965. Izi ankazikonza ndi manja, kudula ndi kampeni kapadera n'kumata zidutswa. Mukatsegula chitini n'kumva fungo la viniga, filimu yayamba kuwonongeka. Ipatuleni msanga kwa zinzake, muiike pozizira ndi pouma.

Kusunga zithunzi si zachilendo kuno. Ku Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni pa Khondowe mu 1894, nyumba ya Stone House ikusungabe zithunzi za pagalasi zimene ankaonetsa pakhoma ndi nyali. Ku Zomba, National Archives imasunga mafilimu akale a boma. Koma za banja lanu palibe ofesi imene idzabwere kudzazitenga. Ndipo musazipeputse: gule wa Vimbuza analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2008, moti tepi ya amalume ya gule wa m'mudzi ndi mbiri yeniyeni.

Ndiye chitani izi. Imikani matepi chilili ngati mabuku, kutali ndi dzuwa, denga lotentha la malata ndi masipika, poti maginito amafufuta. Funani mmisiri amene ali ndi deki yamoyo ndi kachipangizo ka USB kolumikizira ku laputopu. Tepi ya maola awiri imatenganso maola awiri kukopera, palibe chidule. Mukatero sungani pawiri kapena patatu, pa fulashi, pa kompyuta ndi pa intaneti, osati pa WhatsApp pokha pomwe vidiyo imafinyidwa.

Chomaliza, khalani pansi ndi agogo muonere limodzi, akuuzeni mayina a anthu ali mmenemo, inu mukulemba pa foni. Deki mmisiri atha kuidzutsa, koma amene akudziwa kuti mayi wovala duku uja ndi ndani akapita, palibe wina woti mudzamufunse.