Fungo lokoma lobisala m'zitsononkho

Miyezi ya Meyi ndi Juni ikafika, pakhomo pa mlimi sipasowa mulu wa zitsononkho. Chimanga chatonoledwa, chathiridwa mankhwala a anankafumbwe, chalowa m'matumba, ndipo zotsalazo aliyense amaziona ngati za pamoto. Amayi amasonkhezera, ena amazitentha n'kutcheza chidulo cha therere, koma zambiri zimangovunda kuseri kwa nkhokwe.

Ku America zitsononkho ndi malonda. Mumzinda wa Washington, m'chigawo cha Missouri, kampani ya Missouri Meerschaum yakhala ikusema akaliwo a zitsononkho kuyambira m'chaka cha 1869. Ku Maumee, ku Ohio, kampani ya The Andersons imazigaya n'kuzisefa, ndipo timisere take timagwira ntchito yoyalira m'makola a tiziweto, yopukutira zitsulo, komanso yosungiramo mankhwala ndi zonunkhiritsa. Ntchito yomalizayi ndiyo tingaithe pakhomo, popanda makina, popanga timatumba ta nsalu tonunkhiritsa.

Thyolani chitsononkho pakati muone. M'katikati muli kamtima koyera, kofewa ngati thonje. Kunja kuli mankhusu opepuka aja amatsala njere zikachoka. Pakati pa ziwirizi pali gawo lolimba ngati mtengo, ndipo ndilo lofunika. Lili ndi timibowo tosaoneka ndi maso timene timamwa mafuta, kenako n'kumatulutsa fungo lake pang'onopang'ono. Pachokha chitsononkho chouma sichinunkhira kanthu, motero sichilimbana ndi fungo limene mwachipatsa. Pelefyumu wopopera m'chipinda amazilala musanamalize n'kusesa komwe, pamene kathumba ka timisere kamagwira ntchito milungu ingapo.

Pamene ambiri amalakwitsa m'posankha. Chitsononkho chimene chinagona pansi n'kunyowa, kapena cha chimanga chovunda, chili ndi chuku, ndipo chuku sichigonja ndi mafuta onunkhira. Mudzangolowetsa fungo la chinyontho m'sutikesi. Sankhani zoyera bwino, zopanda mawanga akuda kapena obiriwira, muziyanike pa mphasa mpaka zizithyoka ndi phokoso. Zimene zakhudzana ndi mankhwala a m'nkhokwe zisiyeni.

Kusinja kwake n'kowawa, tisanamizane. Yambani mwaziduladula ndi chikwanje, kenako musinje mumtondo pang'onopang'ono. Amene ali ndi zambiri angakambirane ndi wa pachigayo, pakuti chigayo chimene chimagaya zakudya za ziweto sichilephera zitsononkho. Mukatero pepetani m'lichero kuti mankhusu auluke, musefenso kuti fumbi lichoke. Mukufuna timisere tokula ngati mphale. Fumbi limatuluka m'nsalu n'kudetsa zovala.

Tsopano mafuta. M'kapu imodzi ya timisere muthiremo supuni imodzi ya mafuta onunkhiritsa, kaya a lavenda, a bulugamu, a lemongrass kapena aja ogulitsidwa m'timabotolo m'misika. Muike m'botolo lagalasi lotsekeka bwino, chifukwa mafuta ena amasungunula pulasitiki. Khutchumulani, tsekani, ikani pamthunzi. Tsiku lililonse muzikhutchumulanso, kufikira sabata itatha. Apa m'pofunika kudekha. Mukafulumira kusokera m'nsalu mafuta asanalowe, adzathimbirira pa malaya oyera a tchalitchi, ndipo banga lake silichoka msanga. Muyeso wake ndi wosavuta: tsinani timisere pang'ono muike papepala. Pepala likachita banga, onjezerani timisere touma mudikirenso.

Nanga amene alibe ndalama ya mafuta? Makoko a malalanje ndi a mandimu, masamba a bulugamu, a lemongrass kapena a mpungabwi, zikaumitsidwa pamthunzi n'kusinjidwa pamodzi ndi timisere, zimanunkhira ndithu, ngakhale fungo lake ndi lofatsa ndipo silikhalitsa. Chimodzi chokha ndikupempha ndi mtima wonse: musafune utuchi wa mkungudza wa m'phiri la Mulanje. N'zoona umanunkhira mosiririka, koma mtengo wa fuko lathuwu watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mozembera, ndipo wogula aliyense amawonjezera nkhwangwa m'phirimo.

Timatumba take sitivuta. Zidutswa za chitenje zimene telala amasesa madzulo n'zokwanira, bola ikhale nsalu ya thonje yopitisa mpweya. Kathumba kokula ngati chikhatho cha mwana kamalowa masupuni atatu kapena anayi. Kukamwa kwake mangani ndi kachingwe m'malo mosoka, kuti fungo likazilala mudzamasule n'kudonthezeramo mafuta ena. Kena muike m'sutikesi, kena m'nsapato, kena mupachike m'galimoto. Pabalaza kapena m'chimbudzi mungathire timisere m'kambale kadothi. Osakhazika kathumba pa tebulo lopakidwa vanishi, mafuta amadya utoto.

Pali zimene kathumbaka sikangachite. Sikachotsa chinyontho cha m'nyengo ya dzinja. Chipinda chikamanunkha nkhungu, mankhwala ake ndi kutsegula mawindo ndi kuyanika zofunda padzuwa. Sikapha njenjete ngati timibulu toyera tija ta naphthalene, koma timibuluto tili ndi vuto lake: tingaononge magazi a makanda ndi a anthu ena obadwa ndi vuto la kuchepa kwa G6PD, choncho tisaikidwe pafupi ndi zovala za mwana. Nawo mafuta a bulugamu ndi poizoni akamwedwa, ndipo mwana wokwawa amaika chilichonse m'kamwa. Timatumba tikhale patali ndi ana, amphaka ndi nkhuku, ndipo ngati m'nyumba muli wa mphumu muyambe ndi kamodzi kofatsa.

Magulu a amayi a banki m'khonde amene akufuna kabizinesi angayesepo, makamaka pa nyengo ya maukwati pamene anthu amasaka timphatso togawira alendo. Ndalama yaikulu imapita ku mafuta basi. Timatumba togulitsa tisungidwe m'botolo kapena m'chitini chotseka kufikira tsiku la msika, apo ayi fungo lidzathera m'nyumba mwa wogulitsa. Ndipo zitsononkho zake zisonkhanitsidwe m'chilimwe, mvula yoyamba isanazipeze pabwalo.