Wotchi ya M'galimoto Yakale Siifa ndi Ukalamba

Mwa zipangizo zonse za m'galimoto, palibe chimene eni ake amachitaya msanga monga wotchi ya pa dashibodi. Pakuti injini ikatsokomola munthu amathamangira kwa makaniko tsiku lomwelo, mabuleki akalefuka sagona tulo, koma wotchi ikaima amangoti yakalamba, naisiya mivi yake italoza ora limodzi kwa zaka makumi awiri. Ine amene ndimadya za magetsi a galimoto kuno ku Chintheche, m'mbali mwa msewu wa M5, kumene ma Peugeot 404 ndi ma Benz akale, ena a iwo obwera ndi abale athu pochokera ku Halale ndi ku Joni, akali kuoneka ataimikidwa patsinde pa mitengo ya mango, ndinena mosapsatira kuti mwa mawotchi amene amafika m'manja mwanga, ochuluka anaphedwa ndi batire lofooka, ukalamba ulibe mlandu.

Mawotchi ambiri a zaka za m'ma 1950 ndi 1960, monga a VDO ndi Kienzle a ku Germany, m'kati mwake ali ngati wotchi yapamkono ya agogo, ya sipuling'i ndi timagudumu ta mano, kusiyana kwake n'kwakuti woipukusa si munthu. Sipuling'i ikamasuka, pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu, mapoyinti awiri amakhudzana, moto umalowa mu koyilo, koyiloyo imasanduka maginito nikankha kachitsulo kamene kamanganso sipuling'i, ndipo kukankha komweko kumalekanitsa mapoyinti aja; ndiko kulira kwa "khwa" kumene mumamva mukakhala m'galimoto injini itazima. Tsono taonani chimene chimachitika galimoto ikaima miyezi, mwini wake akudikira sipeya kapena ndalama ya mafuta. Batire limatsika pang'onopang'ono kufikira tsiku limene koyilo ilibenso mphamvu yokankha, mapoyinti natsala ogwirana, moto nudutsa usana ndi usiku osapuma, mpaka waya wa koyilo, woonda ngati tsitsi, utatentha.

Amisiri a ku Germany anaziona zimenezi zisanachitike, naika m'katimo kadontho ka mtovu wosungunuka msanga, kuti kutentha kukayamba, kadonthoko kaduke koyilo isanapse. Wotchi yotere ikafika kwa ine ili yongokomoka, ndipo mtima wanga umakondwa. Chondimvetsa chisoni ndi imene inayamba yadzera kwa mmisiri wofulumira, amene poona podukapo anawotchererapo mtovu wamba wa wailesi, kapena anamangapo waya; pakuti wotchiyo imayendadi, mwini wake nathokoza, koma batire likadzafookanso chimene chipsa ndi koyilo yeniyeniyo, imene simungaipeze m'sitolo ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chotero inu amene galimoto yanu iti iime nthawi yaitali, masulani theminolo imodzi ya batire musanatseke boneti.

A Smiths a ku Mangalande ali ndi khalidwe lawolawo. Mwa iwo moto umakankha kagudumu kogwedera mwachindunji, ndipo ena sadziyambira okha batire likabwezedwa, afuna mudine kachitsulo kokonzera nthawi kuti adzuke. Alipo amene anabwera kwa ine monga maliro, nabwerera kwawo osamasulidwa ndi kasikuluu komwe. Kumbukiraninso kuti galimoto zambiri za Angerezi, kufikira pakati pa zaka za m'ma 1960, zinkalumikiza pozitivu ku chitsulo cha galimoto, mosiyana ndi za masiku ano, ndipo wotchi ya tiranzisita mukaipatsa moto motembenuza ikhoza kufa nthawi yomweyo.

Nyanja yathu nayo ili ndi gawo lake. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi la maboma a mvula yochuluka m'dziko muno, ndipo chinyezi chimalowa paliponse pamene galasi lalekana ndi mkombero wake, mapoyinti nachita dzimbiri, mafuta akale nauma. Nthawi zina ndimapezamo nyerere ndi nkhungu za m'nyanja zitafera pakati pa mano. Mankhwala ake ndi kutsuka, kupala mapoyinti mofatsa, ndi kudonthetsa mafuta a wotchi ndi nsonga ya singano pamene pali mitu ya timagudumu pokha. Oyilo wa injini ndi mafuta opopera aja amene timamasulira mabawuti, musayandikize; amakoka fumbi, ndipo wotchi imene yawalawa imaimanso mvula isanathe.

Kuyambira zaka za m'ma 1970 kunabwera mawotchi a kwatsi, m'mene kamwala kakang'ono kamanjenjemera pa liwiro losasintha, ndipo awa sataya nthawi monga akale aja. A VDO a mtundu umenewu akaima, kawirikawiri ndi makapasita awiri amene auma, zinthu zotsika mtengo. N'chifukwa chake ambiri amandipempha kuti ndichotse zakale ndiikemo kwatsi. Ine sindifulumira kuvomera, ngakhale ndidziwa kuti yakale itaya mphindi zingapo pa sabata, pakuti kumbuyo kwake kuli pokonzera pa + ndi − pamene munthu wodekha angaiwongolere, ndiponso mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Koma pamene koyilo yapserera ndipo mano adyeka, ndimaika kwatsi kuseri kwa nkhope yakale ndi mivi yake yomwe, kuti dashibodi isasinthe maonekedwe, ndipo zam'kati zakale ndimazikulunga m'pepala la mafuta ndi kuzipereka kwa mwini wake, popeza wodzagula galimotoyo mtsogolo adzazifunsa. Ndisanaibwezere pamalo pake, wotchi iliyonse imayamba yayenda masiku angapo pa batire la pa benchi langa, ndipo pa waya wake ndimaonjezerapo fyuzi yaing'ono.